Pakhonde pa Azakhali: Wasintha kholo la ma component, foni ikuhang'abe

Azakhali,

Ndine mnyamata wa ku Lilongwe, ndimalemba mapulogalamu a pafoni. Gulu lina la banki mkhonde linandipatsa ntchito yowapangira app yolembamo masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, kuti asiye kudalira kope lomwe linanyowapo ndi mvula. Ndinagwiritsa ntchito React Native. Pa laputopu yanga zonse zimayenda bwino, pa foni yanga chimodzimodzi. Koma amayi msungichuma ali ndi kafoni kotchipa ka Android, ndipo akangoyamba kulemba dzina m'kabokosi kofufuzira, foni imahang'a, mndandanda umasintha mochedwa. Mndandandawo uli ndi mizere ya zosonkha pafupifupi 600.

Mnzanga wina anati vuto ndi kalasi yomwe ma component anga amachokerako. Ndinapanga kalasi yangayanga, BaseComponent, yochokera ku React.Component, ndipo ma component onse amachokera kwa iyo. Iye anati ndingoisintha kuti izichokera ku React.PureComponent, basi zonse zithamanga. Ndinasintha mzere umodziwo. Foni ikuhang'abe, ndipo kwabwera vuto lina loopsa: munthu akasonkha, mzere wake suoneka, ndalama yonse ya pamwamba sisintha mpaka utatseka app n'kuitsegulanso. Pamsonkhano wapitawu amayi awiri anatsala pang'ono kung'ambirana zitenje, ndipo pano akuti app yanga ikudya ndalama. Code yonse ndakutumizirani. Kodi ndibwerere ku Component, kapena ndingowauza agule foni yabwino?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Iwe mwana iwe,

Ati agule foni yabwino? Ndi ndalama ziti, zomwe app yako ikubisazo? Amayi aja analemba ntchito iwe, osati wogulitsa mafoni. App ya banki mkhonde imayesedwa pa foni yomwe ili m'chikwama cha msungichuma, osati pa laputopu yako ija yomwe umaipukuta kawirikawiri kuposa nsapato zako.

Code yako ndaiwerenga yonse, magalasi ali pamphuno, mpaka tiyi kuzizira. Usadabwe, umaganiza kuti azakhali ako amangodziwa za maukwati ndi za apongozi. Mnzako uja sananame kwenikweni. Anakupatsa theka la nkhani, iwe n'kuthamanga nalo osafunsa kuti theka linalo lili kuti. Safunsa anadya phula. Khala pansi.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika amayi akadina chilembo. React anaiyambitsa Jordan Walke ku Facebook, inatuluka poyera mu 2013, ndipo React Native inatsatira mu 2015. Ganizo lake ndi loti iwe usamavutike n'kulondola chomwe chiyenera kusintha pasikirini. Umangofotokoza mmene sikirini iyenera kuonekera panopa, zotsalazo React imachita yokha. Ndiye state ya component ikasintha, React imaitana render ya component imeneyo, kenako render ya zonse zomwe zili m'kati mwake, kutsika mpaka pansi penipeni. Ikamaliza imayerekeza zomwe zatuluka ndi zomwe zinalipo, n'kukonza pasikirini malo okhawo omwe asinthadi.

Tchera khutu apa, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Kuitana render si kusintha zomwe maso akuona. Amayi akalemba chilembo chimodzi, mizere yambiri imakhala momwe inalili, dzina lomwelo, ndalama yomweyo. Koma mawu ofufuzirawo unawaika mu state ya component ya pamwamba penipeni, ndiye React yaitana render ka 600, yapanga tinthu tatsopano tambirimbiri mu memory, yatiyerekeza kamodzikamodzi, n'kupeza kuti panalibe chosintha. Thukuta lonselo lakhetsedwa kuti ipeze yankho loti kulibe ntchito.

Sikirini ya foni wamba imadzijambula ka 60 pa sekondi. Gawa wekha, sukulu unapita: chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 16 ndi kachidutswa. Mu React Native, JavaScript yako yonse imayenda pa thread imodzi, ndipo ikatanganidwa ndi mizere 600, chilichonse chodalira iyo chimadikira. Batani silimva, mndandanda susefedwa, amayi amadinanso kachiwiri poganiza kuti chala sichinagwire, n'kuonjezera ntchito pa ntchito. Purosesa ya laputopu yako imameza ntchito yopanda pakeyi usanaphethire, n'chifukwa chake iwe sunaionepo. Kafoni kotchipa sikabisa kanthu.

Apa ndi pomwe kholo la component limalowera. React isanaitane render ya kalasi, imafunsa funso limodzi kudzera mu shouldComponentUpdate: ndikujambulenso kodi? Mwana wa React.Component, ngati sunamuphunzitse china, amayankha inde nthawi zonse. PureComponent, yomwe inabwera ndi React 15.3 mu 2016 kudzalowa m'malo mwa PureRenderMixin ya kale, imayamba yayerekeza ma props ndi state ya tsopano ndi zakale. Zikafanana imati ayi, ndipo React imaidumpha pamodzi ndi zomwe zili pansi pake. Kusiyana kwa makolo awiriwa n'komweku basi. PureComponent sijambula mwachangu kuposa inzake ngakhale pang'ono. Imangodziwa kukana.

Koma kuyerekeza kwake n'kwapamwambamwamba, komwe pa Chingerezi amati shallow comparison. Uganize za mlonda wa pachipata cha msika amene amangoyang'ana thumba lomwe wasenza, osalimasula. Ukabwera ndi thumba la dzulo lomwelo, ngakhale usiku wathiramo mbatata zina, amati "ili ndinaliona kale, dutsa." Ukabwera ndi thumba latsopano, ngakhale mbatata zake ndi zomwe zija za dzulo, amakuimitsa n'kukulemba m'buku ngati katundu wachilendo. Manambala ndi mawu amaziona bwinobwino chifukwa zimabwera pamanja, zopanda thumba: 500 ndi 500, dzina ndi dzina. Koma array, object ndi function amaziweruza ndi thumba, ndiye kuti malo omwe zakhala mu memory. Mavuto ako onse awiri atuluka pa mlonda ameneyu, ndipo wakwanitsa kumupusitsa mbali zonse ziwiri m'fayilo imodzi. Luso limeneli ngakhale bambo ako, amene ankapusitsa agogo ako tsiku ndi tsiku, sanafikepo.

Loyamba likhale lomwe latsala pang'ono kung'ambitsa zitenje, chifukwa app yochedwa anthu amaipirira, koma app yonama pa ndalama sayikhululukira. Munthu akasonkha, iwe ukutenga array ya zosonkha yomwe ili mu state, ukuitana push, kenako setState ndi array yomweyo. Push sipanga array ina. Imathira chinthu m'thumba lakale. Pamene zonse zinali ana a Component, cholakwachi chinkabisala, chifukwa aliyense ankajambulanso osafunsa. Chinalipo kuyambira tsiku loyamba, usanamizire mnzako. Utangosintha kholo, mlonda anayamba ntchito, anaona thumba la dzulo, n'kunena kuti palibe chatsopano. Ndalama ija inalowa ndipo inasungidwa, n'chifukwa chake imaoneka ukatsegulanso app. Sikirini yokha ndiyo sinauzidwe.

Mankhwala ake ndi khalidwe, si kalasi. Chomwe chili mu state usachisinthire pomwe chili. Pofuna kuonjezera, panga array yatsopano ndi concat kapena ndi madontho atatu aja (...). Pochotsa mzere, filter. Posintha mzere umodzi, map, n'kupanga object yatsopano ya mzere wokhawo. Ina yonseyo uisiye m'matumba ake akale, kuti mlonda aziidutsitsa mosavuta. Ndaonanso sort pa mndandanda wa angongole. Nayo imasanja array yomweyo pomwe ili, monga splice ndi reverse. Yamba wakopera, kenako usanje.

Ndikudziwa chomwe chikubwera m'mutu mwako: forceUpdate. Usayerekeze. Imalumphadi shouldComponentUpdate, koma ya component yokhayo yomwe waiitanira. Za pansi pake zimafunsidwabe funso lija, ndipo zikalandira thumba lakale zimakanabe. Udzayamba kumwaza forceUpdate m'fayilo iliyonse, ndipo pakatha miyezi iwiri iwe wemwe sudzadziwa chomwe chikujambula chiyani.

Tsopano chifukwa chomwe foni ikuhang'abe. Taona mmene ukuperekera zinthu ku mzere uliwonse. Pa onPress walemba arrow function pomwepo m'kati mwa render. Pa style waika object ya padding pomwepo. Pa ngongole walemba kuti membala akakhala alibe, apatsidwe array yopanda kanthu, ndipo nayo ukuipangira pomwepo. Chilichonse mwa zitatuzi chimabadwa chatsopano nthawi iliyonse render ya pamwamba ikaitanidwa. Ma array awiri opanda kanthu amaoneka ofanana kwa iwe ndi ine, koma kwa JavaScript ndi matumba awiri. Ndiye mlonda amaona matumba atatu achilendo pa mzere uliwonse, amati zasintha, mizere 600 yonse imajambulidwanso monga kale. Kungoti tsopano waonjezapo ntchito ya kuyerekeza, yomwe kale kunalibe. Wachedwetsa app ndi chida chofulumizitsira. Ndakuombera m'manja, mwana wa achimwene anga.

Kukonza kwake sikufuna digiri. Function yotsegulira membala uilembe kamodzi ngati ya kalasi, uipereke yomweyo ku mizere yonse, ndipo mzere uziiitana wokha ndi id ya membala wake. Ma style apite kunja kwa component, mu StyleSheet.create. Array yopanda kanthu ikhale imodzi, yolembedwa pamwamba pa fayilo. Koposa zonse, mzere uupatse zinthu za pamanja: dzina, ndalama, tsiku. Ukaupatsa object yonse ya membala pamodzi ndi mbiri yake ya ngongole, pamene mzerewo umangoonetsa tinthu titatu, ukudziputira mlandu wekha.

Pali component yako ina yotchedwa Khadi, yomwe imangokuta zinzake ndi malire ozungulira ndi kamthunzi. Chilichonse chomwe waika pakati pa chotsegula ndi chotseka chake chimafika ngati prop ya children, ndipo chimenecho ndi chatsopano pa render iliyonse ya pamwamba. Khadi kukhala PureComponent n'kutaya nthawi chabe; idzayerekeza, idzapeza kuti zasintha, idzajambula, lero ndi mawa. Ibwezere ku Component.

Tifike pa BaseComponent, mwana wako wapamtima. Ndikudziwa kuti tsiku lomwe unamulemba unadzimva ngati injiniya wamkulu, mwina unagula nawo botolo la fanta. Ndaona zomwe unamusenzetsa: kusandutsa manambala kukhala makwacha, kusankha mawu a Chichewa kapena Chingerezi, kumvetsera ngati netiweki ilipo, ndiponso kulembetsa component ku nkhokwe ya data kuti data ikasintha iziitana setState. Zonsezi component iliyonse imatengera, kaya ikuzifuna kaya ayi. Kachizindikiro ka muvi ka pakona kakumvetsera netiweki. Kamzere kolekanitsa mayina kakumvetsera netiweki. Mzere uliwonse mwa 600 ija uli ndi khutu lakelake. Netiweki ikagwedera, monga imachitira munthu akangopatuka pamsewu wa tala, makutu onsewo amamva nthawi imodzi, ndipo aliyense amasintha state yake. PureComponent singakutchinjirize apa. Chosinthacho sichikuchokera pamwamba, chili mu state ya mzere weniweniwo, ndipo chasinthadi.

Sizinathere pomwepo. Constructor ndi componentDidMount za BaseComponent zimayenda pa component iliyonse ikamabadwa, ndiye sikirini ya mndandanda imachedwa kutseguka chifukwa ikulembetsa makutu mazanamazana isanaonetse dzina ndi limodzi lomwe. Ndiye m'makalasi ena walemba componentWillUnmount yakoyako n'kuiwala kuitana ya kholo kudzera mu super. Kholo ndilo linkatseka makutu. Ma component omwe anachoka kalekale pasikirini akadali kumvetsera, akadali kudya memory. Sunandiuze, koma ndikulosera: app yako imayamba bwino msonkhano ukamayamba, n'kumalemera pofika nthawi yowerenga ndalama. Ndanama?

Eni ake a React analemba kalekale m'malangizo awo kuti ngakhale ali ndi ma component zikwizikwi ku Facebook, sanapeze chifukwa chomangira mibadwo ya makalasi otengerana, ndipo amalangiza kulumikiza tizidutswa. Ine ndimagwirizana nawo, osati chifukwa ndi a ku America, koma chifukwa cha zomwe zili m'fayilo yakoyi. Kholo limapereka zonse kwa onse, silisankha. Ndiye BaseComponent umuphwasule. Kusandutsa manambala kukhala makwacha ndi function wamba, aliyense woifuna aiitanitse ndi import. Netiweki imvetseredwe ndi component imodzi yokha, yomwe izionetsa kachikwangwani pamwamba. Nkhokwe ya data imvetseredwe ndi sikirini, osati ndi mizere. Chilankhulo chipite mu context, yomwe inakhazikika mu React 16.3 mu 2018. Koma udziwe kuti context sidutsa pa mlonda: mtengo wake ukasintha, aliyense woiwerenga amajambulanso, kaya ndi PureComponent kaya ayi. Ndipo ukaipatsa object yopangidwa m'kati mwa render, izisintha nthawi zonse, n'kukubwezera pomwe unachoka.

Waona tsopano chifukwa chomwe mzere umodzi uja sunakupulumutse? Funso loti Component kapena PureComponent silifunsidwa kamodzi pa app yonse. Limafunsidwa pa component iliyonse payokha. Mzere wa mndandanda ndiwo woyenera PureComponent kuposa onse: ilipo yambiri, ya pamwamba pake imajambulanso pafupipafupi, koma zake sizisintha kawirikawiri. Bokosi la ndalama yonse nalonso, ukalipatsa nambala yokha. Kabokosi kofufuzira ayi, chifukwa mawu ake amasintha pa chilembo chilichonse, ndiye yankho lake ndi inde nthawi zonse. Tinthu ting'onoting'ono tomwe timangoonetsa liwu limodzi, nato ayi. Kutiyerekeza ndi kutijambula mtengo wake ndi pafupifupi umodzi.

Mnzako uja abweranso, mtundu wake ndimaudziwa. Adzati ulembe shouldComponentUpdate yako yoyerekeza zonse mpaka m'kati, kapena usandutse ma props kukhala mawu ndi JSON.stringify n'kuyerekeza mawuwo. Umupatse madzi akumwa, umuperekeze. Malangizo a React amaletsa zimenezi pachifukwa chomveka: kumasula thumba lililonse n'kuwerenga mbatata imodziimodzi kungathe kudya nthawi yoposa kujambula komwe ukuthawako. Kulemba shouldComponentUpdate yako n'kololedwa pa mwana wa Component, ngati ukudziwa bwino tinthu tiwiri kapena titatu tomwe mzere umadalira. Ngozi yake imabwera chaka chamawa, ukaonjeza prop ina n'kuiwala kuilemba m'menemo. Ndipo usailembe m'kati mwa PureComponent. React idzakuchenjeza, chifukwa ntchito imodzi waipatsa eni awiri.

Chachikulu kuposa zonsezi sichikhudza n'komwe kholo lomwe ukulimbana nalo. Mndandanda wako ndi ScrollView yokhala ndi map m'kati. ScrollView imajambula zonse zomwe waipatsa nthawi imodzi, mizere 600, pamene sikirini ya amayi imaonetsa mwina 8. Chaka chamawa mizere idzakhala yochuluka kuposa apa, poti gulu silisiya kusonkha. React Native ili ndi FlatList pa ntchito yomweyi. Imayamba ndi mizere 10 ngati sunaiuze china, imasunga yokhayo yomwe ili pafupi ndi pomwe maso ali, ndipo yakutali imaichotsa. Ngati mizere yako ndi yofanana msinkhu, uipatse getItemLayout kuti isamavutike kuyeza. Iliponso FlashList ya Shopify, ya mu 2022, yomwe m'malo motaya mzere wotuluka pasikirini imaugwiritsanso ntchito pa wolowa, nzeru yomwe a Android anali nayo kale mu RecyclerView kuyambira 2014. Koma iwe yamba ndi FlatList; usagule galimoto usanaphunzire njinga.

FlatList nayo ndi PureComponent, ndiye zonse ndanena za matumba zikuikhudza. Ukaipatsa array yomwe waithira ndi push, idzangokuyang'ana. Ngati maonekedwe a mzere akudalira chinthu chomwe sichili mu data, monga mzere womwe wasankhidwa, uchipereke kudzera mu extraData, apo ayi sidzadziwa kuti chasintha.

Ndiye pali nkhani ya key. Iwe ukugwiritsa ntchito nambala ya malo omwe mzere wakhala. Pa mndandanda wosasuntha zimenezo sizipweteka, koma wako umasefedwa. Amayi akalemba chilembo, malo oyamba amakhala a membala wina, achiwiri chimodzimodzi, ndipo React imaona ngati mzere uliwonse wasintha dzina ndi ndalama. PureComponent yako yonse ija imathera pomwepo. Chosonkha chilichonse chili ndi id. Imeneyo ndiyo key. Pa sikirini ya ngongole ndapeza choipa koposa, key yochokera ku Math.random. Kumeneko React sijambulanso chabe, imagwetsa mzere uliwonse n'kuumanga kuyambira pa maziko, pa render iliyonse. Ndinayamba ndavula magalasi n'kuwapukuta, kuganiza kuti maso akundinamiza.

Kabokosi kofufuzira nako ukapatse ulemu wake. Mawu omwe akulembedwa akhale mu state ya kabokosiko, ndipo mndandanda uziuzidwa amayi akapumira pang'ono, tinene pakatha mamilisekondi 300 osadina china. Munthu wolemba dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi safuna kusefa kasanu ndi kamodzi.

Zonsezi usazichite mwa chikhulupiriro, ngakhale wanena ndine. Yeza. React DevTools ili ndi Profiler kuyambira pa React 16.5 mu 2018. Umaiyatsa, umalemba chilembo chimodzi, umaizimitsa, ndipo imakuonetsa ma component omwe anajambulidwa ndi nthawi yomwe iliyonse inadya. Muli pomwe umatchonga kuti izikuuzanso chifukwa chomwe iliyonse inajambulidwira, ndipo pamenepo udzaona ndi maso ako kuti wolakwa ndi onPress ndi style. Sintha chinthu chimodzi, uyezenso, kenako china. Ukasintha zisanu nthawi imodzi sudzadziwa chomwe chinathandiza, ndipo udzapita kukalalikira kwa anzako mankhwala olakwika, monga anachitira mnzako uja. Pofuna kumva mmene app ikuyendera m'manja, upange release build, chifukwa ya development imachedwa ndi machenjezo ake onse. Uchotsenso console.log yomwe waisiya mu render ya mzere. Ikulankhula ka 600 pa chilembo chilichonse, kuposa ine pa ukwati. Ndipo uyezere pa foni yotchipa. Ngati ulibe, ugule yogwiritsidwapo kale ntchito ndi ndalama zomwe gulu linakulipira. Imeneyo ndi chida cha ntchito, osati mahedifoni aakulu aja omwe unajambulitsa nawo pa Facebook.

Anzako ena akuuza kuti makalasi ndi achikale, ulembenso zonse ndi ma function. N'zoona kuti ma Hooks anabwera ndi React 16.8 mu February 2019, ndipo malangizo a React a masiku ano amalimbikitsa ma function pa code yatsopano. Koma usaganize kuti kumeneko mlonda kulibe. React.memo, ya mu 16.6 mu October 2018, imachitira function zomwe PureComponent imachitira kalasi, ndipo imayang'ana ma props mwapamwambamwamba momwemo. UseCallback ndi useMemo zilipo kuti thumba lisamabadwe latsopano pachabe. Ukasamuka ndi push yako ndi ma arrow function ako, udzapeza mavuto omwewa akukudikira pakhomo la nyumba yatsopano. Ngakhale React Compiler, yomwe anaionetsa poyera mu 2024 kuti izichita yokha ntchito ya memo, imagwira pa ma function, osati pa makalasi, ndipo imadalira kuti iwe susintha state pomwe ili. Makalasi akugwirabe ntchito, ndipo component yogwira zolakwa kuti app yonse isagwe, ija ya componentDidCatch, imalembedwabe ngati kalasi. Ma sikirini atsopano ulembe ndi ma function ngati ukufuna. Akalewa usawagwetse pakati pa chaka, anthu ali ndi ngongole zoti abweze.

Yankho la funso lako ndi ili. Usiku uno ukonze push ndi sort, chifukwa ndizo zikukupatsa dzina la wakuba. Kenako ScrollView ichoke, FlatList ilowe, ndi key ya id. Ndikukayika ngati pambuyo pa zimenezi amayi adzadandaulenso kwambiri. BaseComponent umuphwasule pang'onopang'ono, khutu la netiweki likhale loyamba kuchoka. PureComponent itsale pa mzere ndi pa bokosi la ndalama yonse, ndiponso pena paliponse pomwe Profiler yakulozera, osati pomwe mtima wakuuza.

Pamsonkhano ukubwerawu upite wekha, usatumize uthenga pa WhatsApp. Uvale malaya a kolala. Uwauze wapampando ndi mlembi kuti ayerekeze zomwe zili mu app ndi zomwe aliyense akukumbukira kuti anasonkha, mzere ndi mzere, pamaso pa onse, kuti aone kuti palibe tambala yomwe inasowa. Uwauze mwachichewa chomveka kuti ndalama zinkalembedwa koma sizinkaoneka, ndipo wolakwa ndi iwe. Mawu oti shallow comparison uwasiye kunyumba. Amayi awiri aja uwagulire sopo.

Ndaonanso mmene ukuwerengera chiwongoladzanja, ndi manambala a madontho. Tsegula console ulembe 0.1 kuphatikiza 0.2, uone ngati JavaScript ikupatsa 0.3. Ukaona 4 uja ali kumapeto kwa maziro ambirimbiri, uganize za mwezi wa December, tsiku logawana, amayi makumi atatu atakhala pamphasa aliyense ndi kakalikuleta ka pafoni yake. Imeneyo ndi kalata ina. Uilembe msanga, ndipo ulendo uno ubwere nayo wekha, ndi paketi ya shuga.

Ndine,
Azakhali ako